Kasitomala wa Lachitatu

Make mapasa anakhoma chitseko cha bafa n'kutulutsa chometera ndevu m'chikwama cha ntchito cha amuna ake. Anachiyandikitsa pawindo kuti aone bwino. Kamkombero ka manambala kanali pa wani. Sabata yachisanu ndi chimodzi motsatizana, Lachitatu m'mawa, pa wani.

Chometeracho sichinali chamasewera. Amuna ake, amakaniko okonza mafiriji, anachigula chaka chatha, ndipo banja lonse linaphunzitsidwa za icho mokakamiza ngati kuti kudzakhala mayeso. Umayamba wamasula kachitsulo ka kunsi kwa chogwirira, kenako n'kupotokola kamkombero, n'kumanganso. Pa wani, mpata wa pakati pa lezala ndi chotchinga khungu umakhala wochepetsetsa, lezala imangosuzumira. Ukamakweza manambala mpatawo umakula, ndipo pofika pa naini lezala imatulutsa mano onse.

"Naini si ya ana," ankatero bambowo atakweza chala. "Ine ndemwe ndimalekezera pa seveni."

Apo sankanama. Ndevu za bambo a mapasa zinali ngati waya wokwechera mapoto. Wani akanangozisisita n'kuzifunira tsiku labwino. Nanga khungu lanthete lofuna wani linali la yani?

Make mapasa sanabadwe dzulo. Anali telala wa zaka makumi awiri pa makina, ndipo ankadziwa kuti munthu sasintha kulimba kwa ulusi pokhapokha nsalu yasintha. Umboni wina unkachita kudzibweretsa wokha. Lachitatu lililonse bambowo ankavala magalasi, kukhala m'mphepete mwa bedi, kuika lezala yatsopano, kutsitsa kamkombero mpaka pa wani, n'kukulunga chometeracho m'kathaulo koyera pamodzi ndi kabotolo ka mafuta ofewetsa khungu. Akamaliza, magalasi ankawasiya patebulo, chonsecho popanda iwo timanambala ting'onoting'onoto sankationa n'komwe. Kumene ankapitako ankafuna akaoneke mnyamata, basi.

Madzulo ankafika mochedwa ndi maola awiri, manja akununkhira mafuta aja.

"Ndili ndi kasitomala wokhazikika Lachitatu," ankayankha akafunsidwa, maso ali kumbali.

Zoonadi. Mafiriji a masiku ano ayamba kumera ubweya m'miyendo, ndipo amafuna kumetedwa mwachikondi, kenako n'kudzozedwa. Dziko latukuka.

Make mapasa ankaseka choncho mumtima, koma zinkamupweteka kwambiri. Mwamuna ameneyu iye anamulimbanirana ndi atate ake omubereka, amene anakana ukwatiwo mpaka tsiku lomaliza. Kuchokera pamenepo iye ndi atate akewo ankalankhulana mongopatsana ulemu, ndipo chaka chino anali asanapondeko kwawo, zinthu ankangopatsira mng'ono wake amene ankakhala nawo. Tsopano anayenera kubwererako ndi sutikesi pamutu, kukamva mawu amene ankawaopa kuposa njala: ndinakuuza. Anali atatsimikiza kuti ukwati watha lero. Koma kuchoka osasiyira mkazi womulanda mwamunayo kamphatso kukanakhala kupanda mwambo.

Anamasula kachitsulo ka kunsi, monga mwana wasukulu womvera. Anapotokola kamkombero. Thuu, filii, folo, kakungolira kuti ke, ke, ke. Anadutsa seveni ya eni ake osaima. Pa naini anamanganso bwinobwino, n'kuyang'ana lezala itasolola mlomo wake wonse panja. Anakulunga m'kathaulo muja mmene anachipezera.

"Amake mapasa, chikwama changa mwachiona?" anafuula amuna ake ali pakhonde.

"Ndimakupukutirani fumbi, bambo," anatero potuluka, akumwetulira ngati mkwatibwi. "Mukagwire bwino ntchito. Kasitomala asadandaule."

Bambowo anathokoza ndithu. Munthu wopanda manyazi amathokoza mokoma.

Tsiku limenelo makina osokera anayenda ngati athiridwa mafuta atsopano. Make mapasa anapinda madiresi atatu akuimba. M'maganizo ankamuona dona wa Lachitatu uja atatambalala pampando, mwendo uli m'manja mwa mwamuna wa mwini, akudikira kusisitidwa ndi wani. Ankamuonanso mawa lake akuyenda mumsewu ndi mapulasitala kuyambira m'bondo mpaka m'kakolo, akunamizira galu wa aneba. Chikumbumtima chinayesa kugogoda kamodzi masana, koma anachiuza kuti chibwere mawa, lero watanganidwa. Chakumadzulo analongedza sutikesi, zovala zake pansi, za mapasa pamwamba, n'kuikhazika pakati pa balaza kuti wolowa aipunthwe.

Foni inalira itangokwana hafu folo. Anali mng'ono wake. Zinangokhala bwino, anaganiza motero, amuuziretu akonze chipinda.

"Iwe, wachita bwino kuimba. Ndikubwera kumeneko ndi ana, alamu ako aja..."

"Achemwali, siyani kaye zimenezo, thamangirani kuchipatala!" anamudula mawu mng'ono wakeyo. "Adadi achekeka pakhosi, magazi sakuleka chifukwa cha mankhwala a mtima amene akumwa aja. Alamu akungolira kuno, akuti sakumvetsa, anaika okha pa wani."

Make mapasa anagwira mpando. "Alamu ako amatani kwa adadi?"

"Amawameta, ngati Lachitatu lililonse, chiyambireni manja a adadi kunjenjemera. Adadi anawalumbiritsa kuti inu musadziwe zoti sangathenso kudzimeta okha."