Dothi la Kuseri kwa Mpanda wa Joost

Panali munthu wina ku Leiden, dzina lake Joost Verhagen, wodzimva ngati mzinda wonse ndi wa bambo ake. Nyumba yake yakalekale inagundana khoma ndi ya mayi wamasiye, Truus Dekker. Joost anafuna chipinda chapansi chosungiramo vinyo.

"Nthaka ya kuno ndi yamadzi, bwana," mmisiri anamuchenjeza. "Mukakumba, nyumba zonse ziwiri zititimira."

Joost anamuthamangitsa. Anakumba mobisa popanda chilolezo, dothi n'kumaliunjika kuseri kwa mpanda wake wautali.

Pasanathe miyezi itatu, khoma la Mayi Truus linang'aluka. Munthu wopanda manyaziyu anathamangira ku khonsolo kukanama kuti nyumba ya mayiwo ikugwa ndi ukalamba, ndipo ikukoka yake. Kalata inafika yoti mayiwo akonzeke kutuluka m'nyumba yomwe anakhalamo zaka makumi anayi.

Pofuna kuwamaliziratu, Joost anaitana Femke, katswiri woyeza nyumba, nalamula kuti zotsatira zipite ku khonsolo.

"Makina angawa sakondera amene wawaitana, bambo," anatero Femke. "Amajambula zonse."

"Iwe gwira ntchito, mtsikana. Chitseko chokhomacho usachiyandikire."

Chinali chitseko cholowera kudzenje anakumba lija, koma Femke sanachikhudze n'komwe. Anaimika makina ake oyeza ndi kuwala m'chipinda chilichonse cha nyumba ziwirizo, kenako anaulutsa kandege kojambula pamwamba pa madenga. Joost ankangomwetulira.

Zotsatira zinamuvula. Pansi pa nyumba zonse ziwiri panapendekera mbali imodzi, kuloza chitseko chokhoma chija. Chithunzi cha kandege chinaonetsa mulu wa dothi lakuda, wautali kufika pa zenera. Zinamuyenera! Khonsolo inamutulutsa m'nyumba, n'kumulamula kukwirira dzenjelo ndi kukonza khoma la mayiwo.

Tsiku loti Joost asamuke, Mayi Truus anatulutsa mpando panja, naitana anthu a mumsewuwo kudzamwa khofi ndi keke. Joost, thukuta lili kamukamu ndi makatoni, anawayandikira.

"Mayi Dekker, ndife anansi. Tingakambirane?"

"Sunthirani uko, bambo inu," anatero mayiwo akudula keke. "Mukunditchingira. Ndikufuna ndione katoni iliyonse ikutuluka."

Phunziro: Ukalakwira mnzako, vomera msanga, usamukankhire mlandu wako chifukwa ukumuona wofooka. Mboni yomwe udzaitane wekha ndiyo idzakupachike. Tumizirani ena, makamaka aja amene alangizidwa n'kugontha m'khutu.