Dengu la Pansi pa Mkuyu

Padangokhala, kale mbalame zikadali ndi sukulu zawo, kudambo kunali aphunzitsi awiri, Khwangwala ndi Nkhanga. Chaka chilichonse Kakowa ankabwera kudzayesa ana awo kuuluka mowoloka dambo, ndipo mphunzitsi amene ana ake alephera ambiri ankachotsedwa ntchito.

Tsiku la mayeso Khwangwala analawirira, nasankha ana asanu a mapiko olimba. Otsalawo anawavundikira ndi dengu pansi pa mkuyu, nawaopseza kuti, "Amene alire ndimujompha."

Nkhanga anabwera ndi ana ake onse khumi ndi awiri, mpaka kamwana ka Zinziri kotsimphina. Asanu ndi awiri anawoloka, enawo anagwera m'matope. Ana a Khwangwala anawoloka onse asanu.

Kakowa, atatopa ndi kuimirira, anakhala padengu lija kuti alengeze zotsatira. Anati, "A Khwangwala, anu onse akhoza. Koma inu mayi Nkhanga, pepani, ntchito yanu..."

Nkhanga anazyolika. Pomwepo pansi pa Kakowa wina anayetsemula.

Kakowa anafunsa kuti, "A Khwangwala, mpando wanuwu uli ndi chimfine?"

Atavundukula, munatuluka ana khumi, thukuta lili kamukamu. Kakowa anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiwerenganso, kuyambira m'dengumu."

Mtima wa Nkhanga unakhala pansi. Anapita kukasambitsa ana ake amatope aja, ndipo atacheuka anapeza ana a m'dengu onse ali pambuyo pake. Ine ndinawasiya pamenepo, akuphunzira kukupiza mapiko.