Mafupa Opanda Kwawo

Eusebio Calmo anaima pakona, chipewa m'manja, akuonerera ophunzira awiri akuyala mafupa patebulo lachitsulo. Anabwera limodzi ndi bokosi la mafupawo kuchokera kutchire la kum'mwera kwa Texas, kumene ludzu limatha anthu olowa m'dziko mozemba. Koma chifikire palibe anamupatsa moni. Ana a payunivesite, ulemu anausiya kwawo!

Mwini mafupawo ankamudziwa bwino, ndipo mtima unkamuwawa. Kumudzi, Desideria, mkazi wa malemuyo, ankangoti mwamuna wake anamuthawa n'kukakwatira wina ku Houston. Mafupawa akakwiriridwa opanda dzina, mayiyo adzafa akutukwana munthu wosalakwa.

"Wa ku Mexico uyu," anatero Rigoberto, wophunzira wamtali, akutambasula malaya ong'ambika a timu ya mpira ya dzikolo. "Talemba timalize, njala yandipha ine."

Mnzake Araceli sanalembe. Anapinda chiuno cha jinzi ya malemuyo, n'kupeza kansalu kofiira ka mizere yoyera kosokeredwa mkati. Anakayang'anitsitsa.

"Ehee, zayambika!" anaseka Rigoberto. "Maphunziro ako owonjezera aja, a mbiri ndi miyambo ya Alatino, anthu a ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Mayi ako anafunsa bwino: udzadya miyambo?"

"Tatseka pakamwa iwe. Anthu a ku Guatemala amavala dala ngati a ku Mexico, kuti akagwidwa awatayire pafupi, mawa ayesenso. Koma nsalu yotere amavala ndi amuna a ku Todos Santos, tauni ya ku Guatemala komweko. Tikufufuza dziko lolakwika. Tikafunse kumeneko."

Eusebio anavomera ndi mutu. Zoonadi, munthu wowolotsa anthu malire anawalamula paulendowo kutaya chilichonse chakwawo, ngakhale chinenero cha makolo awo. Bodza lija linagwira bwino mpaka kupusitsa ndi ofuna kuthandiza omwe. Desideria yekha ndiye anachita makani, kansaluko n'kukasoka mobisa.

M'chipindamo munazizira. Rigoberto analeka kuseka, nakweza zipi ya jekete.

Araceli anaika chikhatho pachigaza cha malemuyo mofatsa, ngati akuyeza mwana kutentha thupi.

"Pirirani pang'ono, bambo," ananong'ona. "Mupita kwanu."

"Zikomo, mwanawe," anayankha Eusebio, koma palibe anamva. Chifere pansi pa mtengo waminga kutchire kuja, aka kanali koyamba kuti munthu amulankhule.