Laputopu ya Mwape ndi vidiyo ya amayi ake

Ku Matero, mumzinda wa Lusaka, kunali munthu wina dzina lake Mwape, wojambula mavidiyo a maukwati. Nkhaniyi ndi yoona, a kumeneko akuidziwa.

Mwape anajambula chilanga mulilo cha mlongo wake wamng'ono Luse, tsiku lija akuchikazi amanyamula zakudya kupita nazo kwa mkamwini. Amayi awo ndiwo anatsogolera, poto pamutu, akuvina ngati mtsikana. Ukwati utangopita amayiwo anadwala n'kumwalira. Chotsala chinali vidiyo ija basi. Mwape anaikopera mu laputopu yake yatsopano, khadi ya kamera n'kuifufuta kuti akajambulire ntchito ina.

Laputopuyo inali ndi vuto limodzi kwa iye: akayamba kukonza vidiyo, fani inkalira ngati chigayo, batire n'kutha msanga. Ndiye ndi magetsi athuwa ongozimazima, Mwape ankakwiya.

Tsiku lina ku Kamwala anakumana ndi mkulu wina wa jekete, Chingelezi chili mbwee, fulashi m'manja.

"Bosi, fani yanu ilila mahala, pachabe," anatero mkuluyo. "Ikani pulogalamu iyi. Ionetsa mwamene mashini isebenzela na mwamene yapyela. Mukaona gilini, zimyani fani, batire izankhala."

Mwape sanafunse ngakhale dzina. Anaika. Zonse gilini, kusonyeza kuti mashini sikutentha. Anazimitsa fani.

Msuweni wake Dalton, wokonza makompyuta ku Lilanda, anabwera kudzamuona. Atayang'ana sikirini anapukusa mutu.

"Iwe Mwape, ichi chinthu wachitenga kuti? Ni chakudala maningi, chakalekale."

"Chakudala bwanji? Si iyo gilini?"

"Mvela. Mu pulosesa, ubongo wa aya mamashini ya manje, muli mainjini mitundu ibili. Yang'ono ni ya nchito zopepuka. Yakulu ndiye yanyamula vidiyo. Iyi pulogalamu inapangiwa pamene mainjini yonse yenze yolingana. Yakulu siiyaziba. Ikuuza chabe va yang'ono, yamene yankhala chabe osagwila nchito. Chosa, uike yamene iziba mitundu yonse ibili. Na fani uyashe."

"Ba Dalton, jelasi izakupayani. Chifukwa sinagule kuli imwe?"

"Gwila pansi pa mashini umvele mwamene yapyela."

"Nigwile chani? Kompyuta yeka yakamba ati nili bwino. Imwe ndimwe ndani?"

"Olo kopela vidiyo ya bamayo pa fulashi."

"Nizakopela nikasiliza."

Dalton anatenga chipewa chake n'kupita. Munthu wosamva ungamutani?

Abale anagwirizana kuti Loweruka akumane kwa Luse ku Chawama aonere limodzi vidiyo. Ena anachokera ku Kitwe. Luse ankaimba foni tsiku lililonse.

"Ba Mwape, paja bamayo bavina na poto musajubepo, musachosepo kanthu. Nifuna nibaone bonse."

"Osada nkhawa, mwaiche. Uzalila na chimwemwe."

Lachisanu masana, mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, Mwape anayamba kutulutsa vidiyo yomaliza. Laputopu anaiika pa matiresi. Fani zii. Mashini inayamba kuchedwa, iye n'kuyang'ana pulogalamu ija: gilini. Inazima yokha. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Iye anaiyatsanso. Inazimanso, anaiyatsanso, uku akutukwana a magetsi. Kenako anamva fungo la pulasitiki wopsa. Sikirini bii. Anadina, anadina. Palibe.

Anathamangira ku Lilanda mashini ili m'chikwama, ikumuotcha pamsana. Dalton anaitsegula, nayang'ana nthawi yaitali.

"Yapya. Na posungila vinthu ni pomatika pa bodi pamene apa, papyela pamozi."

"Chosaniko chabe vidiyo, ba Dalton, napapata."

"Nichose kuti? Fulashi unakopela?"

Mwape anangokhala pansi. Anapita ku Kamwala kukafuna wa jekete uja. Palibe amene ankamudziwa.

Loweruka anthu anadzaza pabalaza kwa Luse, TV yoyatsa kale, ana atakhala pansi. Mwape analowa manja okhaokha. Anayamba kufotokoza za mainjini aakulu ndi aang'ono, zomwe zija anakana kumva. Amalume ake anamudula.

"Ise va mainjini sitiziba. Mulongo wanga ali kuti?"

Luse sanakalipe. Anadzuka, nazimitsa TV, nati, "Ba Mwape, bamayo mwabashika m'manda kabili."

Mpaka lero Luse akamuona pa msewu amamupatsa moni ngati mlendo.

Phunziro: Chida chimangokuuza zimene chikuona, zimene sichiona chimakhala chete, ndipo iwe umati zili bwino. Mashini yatsopano osaiyeza ndi pulogalamu yakale yotola kwa munthu wosamudziwa, ngakhale avale jekete. M'bale wako akati gwira, gwira. Ndipo chinthu chosabwereranso usachisunge malo amodzi. Tumizirani ena m'magulu mwanu, ouma mitu ngati Mwape alipo ambiri.