Bwana Wagulitsa Masheya, Kumsika Aoda Nsalu

Panali munthu wina ku Ibadan, a Gbadebo, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndalama zawo zopumira anagulira masheya a kampani ina ya sopo, kuti adzalipirire mwana wawo Renike ku yunivesite. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankatsegula foni kuona ngati mabwana a kampaniyo agula kapena agulitsa masheya awo, paja mabwana akatero amalengeza. Mawu awo anali amodzi: "Mwini nyumba akathawa, mlendo usatsalemo."

Tsiku lina chilengezo chinatuluka kuti wapampando wa kampaniyo wagulitsa masheya a ndalama zokwana naira mamiliyoni makumi anayi. Pagulu lina la pafoni, munthu wodzitcha Dokotala wa Masheya, yemwe palibe anamuonapo nkhope, analemba kuti, "Nyumba yapsa! Gulitsani lero lomwe."

Akazi awo a Gbadebo, ogulitsa nsalu kumsika, anawapeza amuna awowo akutuluka thukuta.

"Bambo a Renike, takhalani pansi. Bwana ameneyu akukwatitsa mwana mwezi wamawa. Akazi ake anaoda nsalu za alendo mazana asanu, msika wonse ukudziwa. Ng'ombe zokha khumi. Mukuganiza alipira ndi masamba?"

"Inu zanu ndi nsalu. Za masheya tisiyireni ife ophunzira."

"Ophunziranu tawerengani mpaka pansi. Wagulitsa angati, watsala ndi angati?"

Sanawerenge. Anagulitsa onse tsiku lomwelo, pamtengo wolira, poti anthu ambiri ankathawa ngati iwo.

Ukwati unachitika, anthu anavina. Kenako zinadziwika kuti bwana uja anangotapako pang'ono, ambiri anali nawobe, ndipo mabwana anzake awiri anagula sabata yomweyo. Mtengo unakwera kuposa kale. Dokotala uja anatuluka pagulu osatsanzika.

Kalata ya Renike ya ku yunivesite itafika, a Gbadebo anachita manyazi kwambiri. Ndalama zotsala sizikanakwana. Amala wawo, nsima ya kumeneko, anazizira m'mbale osamukhudza.

"Mayi a Renike, mwana uja ndamulakwira."

"Idyani kaye, aphunzitsi," anatero mayiwo, akuwapatsa pepala. "Tsiku limene munkagulitsa lija, ine ndinatenga ndalama zanga za chipereganyu n'kukagula masheya a kampani yomweyo. Mwina ndi anu omwewo, ndani akudziwa?"

Bambowo anawerenga pepalalo, ulendo uno mpaka pansi, misozi ili m'maso. Renike anapita kusukulu. Mpaka lero a Gbadebo amaonabe zilengezo m'mawa, koma asanadine chilichonse amayamba afunsa, "Mayi, kumsika akuti bwanji?"

Phunziro: Bwana akagulitsa masheya, funsani chifukwa chake, muwerenge mpaka pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanyoze amene mumadya naye chifukwa cha mlendo wopanda nkhope. Tumizirani mnzanu amene amathamanga asanamalize kuwerenga.