Mutu wa Ba Tcheyamani

"Mutu wanga uli kuti?" anakuwa ba Chilekwa, tcheyamani wa gulu la akalipentala a ku Matero mu Lusaka, atanyamula kabuku kotsatsa mipando yawo.

Pachikuto panali mpando wa matabwa a mukwa, ndipo pampandopo panali suti, mimba ndi tayi. Pamwamba pa tayi panalibe kanthu.

Goliati wosindikiza mabuku anapukuta inki m'manja. "Ba Tcheyamani, munakamba kuti chithunzi chanu chidzaze chikuto chonse. Mapepala atachepa, munati tichepetse kabuku. Mpeni wodulira sudziwa udindo."

"Sindikizani vina! Chionetsero ni mailo!"

"Pa chani? Mapepala yasila, kulibe mu Lusaka monse."

Chionetsero cha malondacho chinali mawa lake. Mipando ikapanda kugulidwa kuchionetseroko, gulu litha, utcheyamani uthera pomwepo. Ba Chilekwa ananyengerera, anaopseza ndi khadi la chipani, mpaka anagwada n'kupempha ngakhale mapepala okulungira buledi. Goliati anawakumbutsa kuti bulediyo nayenso akusowa.

M'mawa mwake kuchionetsero, ba Chilekwa anaima kuseri kwa kabati, akugawa timabukuto chozondotsa kuti chikuto chisaoneke. Mayi wina wa ku Kalingalinga anatembenuza kake. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ba Chilekwa, koma maso ake sanafike kumutu.

"Si ndimwe aba?" anafunsa akuloza chithunzicho.

Ba Chilekwa anavomera motsitsa mawu.

"Ba Sophia, bwerani muone!" mayiyo anaitana mnzake. "Mpando unanyamula mimba iyi osathyoka. Nipatseni iwiri."