Osavundukula Poto

"Fulawa ali kuti?" anafunsa Make Katsabola akumenyetsa zitseko za kabati.

"Ndinamuika pamwamba, kuopa nyerere," anayankha mkazi wovala epuloni yobiriwira, ataima pakhomo la khitchini.

Pamwamba. Chilichonse m'khitchinimu chinali chitasamuka. Mchere unali m'botolo la jamu. Mpeni wakuthwa uja unali utabuntha ngati supuni. Ngakhale epuloni imene inali m'chiuno mwa mkaziyo inali ya Make Katsabola, anasoka yekha ndi manja ake.

Koma nthawi yokangana analibe. Anali atangoweruka kuntchito, chikwama anangochiponya pampando. Kuchipinda, mwana wake Katsabola anali chigonere. Kutentha thupi kunali kutachepa, koma kamtsikanako kankakana chakudya chilichonse, pomwe adokotala ananenetsa kuti kasamwe mankhwala kasanadye. Kankalirira chinthu chimodzi basi: nkhuku ya timibulu ta fulawa, yophika amayi ake.

Make Katsabola anaduladula nkhuku tizidutswa kuti ipse msanga. Mpeni unkalira pathabwa ngati akudula mdani. Anakazinga anyezi ndi kaloti, anaponyamo nkhuku, n'kuthira madzi otentha. Msuzi ukuwira, anasakaniza fulawa, bekingi pauda, mchere, majarini ndi mkaka.

"Dzulo ndinayesa kumuphikira," anatero mkazi uja chapansipansi. "Analavula."

"Munakanda fulawa ngati wa buledi. Ndanama?"

"Pang'ono chabe."

"Kenako munavundukula poto."

"Ndimangofuna kuona ngati timibuluto tapsa."

"Kuona chiyani? Nthunzi ikathawa timauma gwa. Mwana wanga azidya miyala chifukwa inu muli ndi chidwi?"

Mkaziyo anayang'ana pansi, akupotokola chingwe cha epuloni.

Make Katsabola anatapa ufa wofewawo ndi supuni n'kumaugwetsera pamwamba pa msuzi, kamodzikamodzi, timibulu tisagundane. Anavundikira, anachepetsa moto. Maso anali papoto, khutu limodzi kuchipinda, lina kugeti. Bambo a Katsabola ankafika dzuwa likamalowa, ndipo iye ankafuna zonse zikhale zitatha galimoto isanamveke.

Mwana anatsokomola. Make Katsabola anathamangirako, anamugwira pachipumi, anamukonzera pilo. Pobwerera anapeza dzanja la mkazi uja lili pachivundikiro.

"Chotsani dzanjalo."

"Chimadumpha, Amake Katsabola. Ndimangochipsinja."

"Chivundikiro chimenecho ndimachidziwa kuposa inu. Chotsani."

Analichotsa msanga, chala chitafiira ndi nthunzi, koma sanadandaule. Kufatsa kumeneko n'kumene kunkamukwiyitsa kwambiri Make Katsabola. Munthu ungakangane naye bwanji osakuyankha?

Nthawi itakwana anavundukula yekha. Timibulu tinali titatupa, toyera, tofewa. Anang'amba kamodzi, mkati munali mutapsa. Anapakula pang'ono m'kambale, anaunika nyama bwinobwino kuopa kafupa, anauzira, n'kupita nako kuchipinda.

Katsabola ananunkhiza kaye. Anatsegula pakamwa. Supuni yoyamba inalowa, yachiwiri, mpaka kambale kanayera. Mankhwala anamwa osalira.

"Amayi, mawanso muphika?"

"Gona, iwe wamatama. Za mawa tiona mawa."

Anakhala pamphepete pa bedi mpaka mwanayo atatseka maso. Kukhitchini anapeza mkazi uja akutsuka thabwa.

"Zotsalazo mutenthetse pamoto wochepa. Akatenthanso thupi, musadikire kuti kuche."

"Ndamva. Zikomo poyankha foni yanga. Ndimaopa kuti mudula."

"Sindinayankhire inu."

Hutala inalira kugeti. Make Katsabola ananyamula chikwama chake n'kutulukira khomo lakuseri. Analibe mphamvu zoonerera mwamuna amene anamusudzula chaka chatha akulandiridwa pakhomo ndi mkazi wake watsopano, atavala epuloni yobiriwira.